Thunthu la Nthochi la Jenkins Telala

Jenkins telala sankafuna zambiri pa dziko lino. Sankafuna galimoto, sankafuna mkazi wachiwiri, ndipo ngakhale ukulu wa mpingo umene anali nawo anachita kumukakamiza. Chimene ankalakalaka n'choti pakhale tsiku limodzi lokha loti munthu asamutchule dzina. Koma ku Nkhudzi kuno chinthu chotero n'chovuta kuchipeza kuposa galimoto.

Makina ake osokera ankakhala pakhonde la golosale ya pamsika. Kumanja kwake kunali chigayo, kumanzere kanyumba koonetsera mpira, komwe zokuzira mawu zinkayamba kukuwa anthu asanasukusule n'komwe. Akaweruka, kunyumba kunkamudikira chigulu: mkazi wake Ndaona, mwana wawo woyamba Tikhala ndi azing'ono ake, ana a malemu mlongo wake, mayi ake amene maso anali atasiya koma pakamwa pali pamoyo, komanso mlamu wake Sadik, yemwe anabwera kudzaona khanda, khandalo tsopano likupita kusukulu. Banja lililonse la mumpingo likayambana linkabwera kudzamalizira mkangano pakhonde pake. Ngakhale kuchimbudzi, akangoti wakhala pansi, wina wagogoda kale palata: "Bambo a Tikhala, kwabwera alendo."

Mwina mukuti bwanji osangowauza kuti anthu inu tandisiyani pang'ono. Kayeseni inuyo. Kwathu kuno munthu akati akufuna kukhala yekha, anthu amamva kuti akudwala, kapena wakwiya, apo ayi wayamba kuphunzira ufiti. Ndipo mankhwala a zonsezi ndi amodzi, kumuzungulira. Tsiku lina Jenkins anayesa kungokhala phee pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Mayi ake atamva, anauza ana kuti awakokere mphasa konko. "Kalikokha n'kanyama, mwananga," anatero mayiwo akukhala pansi, ndipo anamuchezetsa mpaka chakudya chinapsa.

Kuseri kwa mudzi, pomwe phiri limatsikira m'nyanja, chapamwamba pake pali dziwe laling'ono lomwe anthu amalitcha Kamtsuko. Jenkins analiona kamodzi ali mnyamata, ataperekeza bambo ake kokafula njuchi. Madzi ake anali obiriwira, ozizira, ozunguliridwa ndi miyala ikuluikulu ndi nsungwi, ndipo kunalibe mawu a munthu. Zaka zonsezi, akamapondaponda makina chigayo chikubangula m'khutu, maganizo ake ankathawira ku dziwe limeneli.

Choncho anayamba kusoka tenti. Anaisoka pang'onopang'ono, ndi zidutswa za lona yakale ya lole ndi nsalu za maambulera othyoka. Anthu akamufunsa ankati ndi ntchito ya mzungu wina wa ku Monkey Bay. Itatha anaipinda bwino n'kuikankhira pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi.

Vuto linali njira. Njira ya kumtunda yopita kuphiri imayambira pakati pa mudzi, kudutsa makonde a anthu, n'kukatulukira kuseri kwa manda. Ndipo munthu wa pakhonde saona mnzake atasenza mtolo osamufunsa kumene akupita, akatero n'kuvala nsapato kuti amuperekeze. Jenkins anaona kuti kulibwino adzere panyanja. Anabwereka bwato kwa amalume ake, a Davide, msodzi wakalekale, n'kunena kuti akukayesa mbedza kuseri kwa phiri.

"Iwe ndi mbedza?" anaseka a Davide. "Singano yakukwana? Tenga, koma ulikokere kumtunda ndithu ukatsika. Nyanja ya zaka zino yakwera, siiona nkhope."

Lachisanu m'mamawa, Ndaona ali kumjigo, Jenkins anakulunga tenti, bulangete, kampoto kakang'ono, ufa pang'ono, usipa wouma, masamba a tiyi ndi mabanzi, n'kutsetsereka kugombe. Anakumana naye mkaziyo panjira ya m'mbali mwa gombe, ndowa ili pamutu, mtolo uja atauponya kale m'bwato.

"Ndikukawedza pang'ono kuseriku, mayi a Tikhala. Masana ndabwera."

Ndaona anangoti chabwino, maso ali kunjira, chifukwa kunyumba mwana wina anali akulira kale. Nzeru ya Jenkins inali yoti masanawo aimbe foni, anene kuti mphepo yamutsekereza, wagona kwa mnzake kugombe lina. Bodza laling'ono, losapweteka munthu.

Anapalasa mpaka pakagombe kamiyala kuseri kwa phiri. Bwato analikoka monga amakokera telala, theka kumtunda theka m'madzi, n'kuliyang'ana n'kuona kuti lakhala bwino. Kenako anasenza mtolo wake n'kuyamba kukwera. Anafika pa Kamtsuko dzuwa lili pamutu, malaya ali chonyowa.

Dziwe lija linali pomwepo, monga analisiyira. Anakhala pamwala n'kumvetsera. Kunali zii. Anadikira kuti wina aitane, koma palibe anaitana. Munthu wamkulu, wa ndevu zoyamba kuyera, analira misozi yeniyeni chifukwa cha chisangalalo. Anakhoma tenti yake ya mawangamawanga, anasamba m'madzi ozizira mpaka mano kugundana, anaphika, anadya osagawira munthu, ndipo pamapeto pake anagona chagada pamwala n'kumaonera mitambo. Atakumbukira za foni, anapeza kuti m'chigwa mwa miyala muja netiweki mulibe. Anaseka yekha. Anati mawa m'mawa akwera pamsonga pa phiri akaimbe, dziko silitha usiku umodzi. Mphepo ya mwera inali itayamba kuwomba, koma pa Kamtsuko inkangogwedeza nsonga za nsungwi.

Kutacha sanafulumire. Anamwa tiyi, anasambanso, anatsuka kampoto kawiri konse chifukwa choti panalibe womufulumizitsa. Dzuwa litakwera ndithu ndi pamene anakwera pamsonga pa phiri, pomwe mudzi wonse umaonekera m'munsi ngati mbale zoyanika pathandala.

Choyamba kuona chinali mabwato. Anali ambiri, ndipo sanali kumene anthu amaphera nsomba. Ankayenda mondondozana, pang'onopang'ono, kufupi ndi miyala ya kuseri kwa phiri, maboti a injini akukoka makoka pamalo pomwe palibe amakokapo. Anayang'ana pakagombe paja. Bwato la amalume panalibe. Anatembenukira kumudzi, n'kuona utsi pakhomo pake, anthu ali bii pabwalo lonse, ndi masamba atayalidwa pamsewu. Anaganiza za mayi ake.

Pomwepo foni inapeza netiweki n'kuyamba kunjenjemera m'dzanja lake osalekeza. Anatsegula gulu la pafoni la akulu a mpingo. Pamwamba panali chithunzi chake, chija anajambulitsa pa ukwati wa msuweni wake atavala jekete lobwereka, ndipo pansi pake anthu anali atandanda kulemba kuti mzimu wake uuse mumtendere. Panalinso uthenga wa mawu wochokera kwa a Davide. Anaumvetsera. Mawu a amalumewo anali osasa, ngati a munthu amene wakhala akukuwa pamadzi.

"Abale, bwato talipeza litagadabuka, mwera utalikankhira kutali. Mwana wa mlongo wanga sitinamuone. Lero tifufuzabe mpaka mphamvu zithe. Nyanja ikakana kutibwezera, mawa adzukulu akumba, tiika thunthu la nthochi monga timachitira munthu akasowa m'madzi. Mkazi wake ndi mayi ake asangokhala m'mwamba, alire maliro oti ali ndi manda."

Uthengawo usanathe bwino, foni inayamba kulira. Anali Tikhala. Mwanayo ayenera kuti ankangoimba nambala ya bambo ake tsiku lonse, monga amachitira munthu wokana kukhulupirira. Apa ndi pomwe munthu wanzeru akanayankha n'kunena kuti mwananga ndili moyo, nkhani n'kuthera pomwepo. Jenkins anayang'ana dzina la mwana wake likuphethira, anaganiza za funso limene libwere pambuyo pa chisangalalo, loti nanga muli kuti ndipo mukutani kumeneko, chala chake n'kuthamangira kuzimitsa foni. Anachita mantha, basi. Palibe dzina lina loti tichipatse chimene anachitacho.

Anatsikira ku Kamtsuko. Dziwe linali lomwe lija, nsungwi zomwe zija, koma bata lija linali litasanduka china. Tsopano linkamupanikiza pachifuwa. Akakhala m'tenti inkamuchepera, akatuluka miyala ija inkaoneka ngati yasendera pafupi. Mphepo ikatembenuka inkabweretsa kulira kwa belu la kutchalitchi, kamodzikamodzi, kaliridwe ka maliro, ndipo nthawi zina tizidutswa ta nyimbo za amayi.

Anayamba kuyeza njira zake monga amayezera nsalu yoperewera, kuitembenuza uku ndi uku, koma siinkakwana. Kunyanja bwato kulibe, ndipo kusambira kwake kunali kwa m'mbali mwa gombe. Njira ya kumtunda inkatsikira kuseri kwa manda. Tangoganizani, munthu amene mudzi wonse ukumulira, atulukire m'mitengo ya kumanda. Ena akanathawa, inde, koma pali anyamata ena amene akaona chodabwitsa amayamba atola mwala, kufunsa pambuyo. Akanati ndi mzukwa, kapena ndondocha imene wina waiweta kuti imulemeretse, ndipo pofika madzulo nkhalamba ina yosalakwa ikanalozedwa chala. Akapulumuka zimenezo, pakanatsala funso lija. Asodzi asiya ntchito, awotcha mafuta awo kufufuza iye. Abale anyamuka ku Lilongwe, ena ku Likoma. Mayi ake mawu atha ndi kulira. Ndiye aime pakati pawo anene kuti pepani, ndimangofuna kupumako kwa inu? Mawu amenewo sakanawakhululukira mpaka kufa kwake kwenikweni.

Ganizo lina linabwera, lonyansa koma lokoma. Bwanji osangofa? Kuseri kwa mapiriwa kuli msewu wa ku Mangochi. Telala safa ndi njala, khonde lililonse ndi ofesi yake. Akanatenga dzina lina, kachipinda kake yekha, chitseko chotseka ndi loko. Analisunga ganizoli masana onse, akulitembenuza ngati chimanga chowotcha. Koma nthawi zonse likafika pokoma, pankabwera nkhope ya Ndaona atakhala pamphasa m'siwa, nsalu ili kumutu, akulira mwamuna amene ali pamwala kuphiri, mimba ili yokhuta. Manyazi anamugwira mpaka anabisa nkhope m'manja, ngakhale panalibe womuona.

Omuona analipo, kungoti sanali anthu. Anyani anali atamva fungo la mabanzi. Anafika banja lonse, akulu ndi ana, n'kukhala pamiyala momuzungulira, akumuyang'ana ngati anthu odikira kuti mlandu uyambe. Wina wamkulu analowa m'tenti n'kutuluka ndi jumbo ya ufa, osathamanga n'komwe. Jenkins sanamuthamangitse. Anangoona kuti ngakhale kuno alendo amupeza.

Akanatsika tsiku lomwelo zinthu zikanachepako. Koma zengerezu analinda kwawukwawu. Anati adikire dzuwa lipepe, dzuwa litapepa anati kutsikira kumanda kukuda ndiye kuitana miyala. Anagonanso kuphiri, ngati kumeneko tingakutche kugona.

Lamulungu m'mawa anapinda tenti, anakulungamo bulangete ndi kampoto, n'kuzilowetsa m'phanga la mwala, pakhomo pake n'kutsekapo ndi miyala ina. Anadzipaka matope m'miyendo, anang'amba dzanja la malaya amene anasoka yekha, n'kuyamba kutsika. Atayandikira mitengo ya kumanda anamva makasu akugunda pansi, adzukulu akuseka nthabwala zawo za kumanda. Anaima kuseri kwa mtengo n'kuona dzenje lake, lakuya bwino, lowongoka m'mbali. Pambali pake panali thunthu la nthochi, atalidula msinkhu wake ndendende.

Anaganiza kuti mzukwa sungaimbe nyimbo ya Mulungu, choncho anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, n'kutulukira poyera manja ali m'mwamba. Makasu anagwa. Amene anali m'dzenje anatuluka osagwira m'mbali. Mnyamata wina anatoladi mwala, koma a Davide, amene anabwera kudzaona ntchito, anamugwira dzanja. Nkhalambayo inayandikira pang'onopang'ono, inamuyang'ana kumapazi ngati akuponda pansi, kenako inamutsina pamkono mwamphamvu.

"Mayo, amalume!"

"Ndi iyeyu," anatero a Davide, n'kukhala pansi padothi lofukulidwa kumene, n'kuyamba kulira ngati mwana.

Za m'mudzi sindingazifotokoze zonse. Ena anathawira m'nyumba n'kutseka, ena anagwa pansi, amayi anasintha nyimbo yamaliro pakati n'kuyamba nthungululu. Tikhala anamukakamira m'chiuno. Mayi ake anamupapasa nkhope yonse, makutu, mphuno, n'kumumenya kambama kenako n'kumukumbatira. Atamukhazika pampando pakati pa bwalo, a Davide anafunsa m'malo mwa onse.

"Tatiuza, mphwanga. Unali kuti?"

Jenkins anayang'ana asodzi a maso ofiira chifukwa chosagona. Anayang'ana chikopa cha mbuzi yophedwa pamaliro ake chili pamtengo, ndi azakhali ake a ku Likoma amene sitima imawadwalitsa koma anakwerabe. Choonadi chinafika pakhosi n'kubwerera. Anati mwera unamugubuduza, anasambira mpaka pamiyala, anakwera phiri kufunafuna njira n'kusochera. Foni anati inali mu jumbo, inangoyaka kamodzi n'kuzima. Anthu anagwedeza mitu n'kumati Mulungu ndi wamkulu. Tikhala anafotokozera aliyense kuti iye ankadziwa, foni ija inaitana ndithu.

Dzenje lokumbidwa silisiyidwa kukamwa, choncho masana anapitabe kumanda kukakwirira thunthu la nthochi lija, Jenkins ataima pambali, manja kumbuyo, akuonerera. Pobwerera mayi ake analamula pamaso pa anthu onse.

"Uyu asadzayendenso yekha. Kumsika, kutchalitchi, kulikonse, a Sadik muzimuperekeza. Nyanja ikalawa munthu imamufunanso."

Mlamu uja anavomera ndi mtima wonse, poti tsopano anali atapeza ntchito yokhalira pakhomopo. Abusa anati sabata yamawa Jenkins adzaime kutsogolo apereke umboni, ndipo mipingo ina yoyandikana nayo inali itayamba kale kupempha kuti akafikenso kwawo.

Mpata woonana ndi Ndaona unapezeka tsiku lotsatira, alendo ena atayamba kupakira. Jenkins analowa kuchipinda kukasintha malaya, n'kumupeza mkaziyo atakhala pabedi, akupinda nsalu imene anafunda m'siwa. Anaipinda bwinobwino, ngodya ndi ngodya, osamuyang'ana.

"Kampoto kanga mwakasiya kuti, bambo a Tikhala?"

Jenkins anaima malaya ali m'manja.

"Loweruka m'mawa, amayi a mumpingo akutulutsa katundu kuti ayale mphasa, ndinasuzumira pansi pa bedi," anapitiriza Ndaona motsitsa mawu. "Chinsalu chanu cha mzungu wa ku Monkey Bay chija panalibe. Bulangete lofiira panalibe. Munthu wobwera masana satenga bulangete."

"Ndiye munkadziwa?"

"Mtima wina unkati mwina mwamira nazo limodzi. Koma wina unkati ayi, bamboyu ali penapake, wakhala pansi."

"Nanga bwanji simunanene, mayi a Tikhala? Anthu onse aja, mabwato aja, amayi kulira chotere?"

Ndaona anasalaza nsalu ija ndi chikhatho.

"Ndinkati ndinene. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma anandigwira mkono n'kundikhazika pamphasa. Anandifunditsa. Wina anandibweretsera phala, wina anakanditenthetsera madzi osamba. Ana anawatenga achemwali anga. Amayi anu sananditchule dzina ngakhale kamodzi. Chikwatiwire pakhomo pano, bambo a Tikhala, sindinakhalepo pansi dzuwa lili m'mwamba. Kulira ndinalira, musaganize kuti sindinalire. Koma ndinapuma."

Jenkins anakhala pansi pamphepete pa bedi. Zaka zonsezi ankadziona ngati ndiye yekha wotsekeredwa m'nyumba imeneyi. Sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti aliyense wogogoda pachitseko kufuna iye amakhala atadutsa kaye kukhitchini, ndiponso kuti iye ankatha kuthawira kumsika, pomwe mkaziyu analibe kothawira. Kuti Ndaona apume, panafunika kuti mwamuna wake afe. Chisoni chimene chinamugwira apa chinaposa manyazi onse a kuphiri aja.

"Kumene munaliko," anafunsa Ndaona, tsopano akumuyang'ana, "kuli zii?"

"Kuli zii. Kuli dziwe, ndi nsungwi. Ndi anyani."

"Anyani sapempha mchere." Anaika nsalu ija m'sutikesi n'kutseka. "Chinsalu chanucho musakachichotse. Mudzandiuze njira yake."

Jenkins anati ayankhe, koma chitseko chinagogodedwa. Anali Sadik, kufunsa ngati alamu ali bwinobwino m'katimo, poti akhalitsa. Kumbuyo kwake kunamveka mawu a mayi aja kuchokera pakhonde, akufunsa ngati pakhomo pano tiyi anasiya kumwedwa, ndi mwana wina akulirira nsapato yake imene yasowa. Ndaona anaimirira, anamangitsa chitenje m'chiuno, n'kutsegula chitseko.

"Ndikubwera, amayi," anatero.